Tsiku limene boma lidasaka Mabaibulo khomo ndi khomo

M'midzi yambiri ya m'malire muno, kuyambira ku Tsangano ndi Angónia mpaka ku Macanga ndi Chifunde, wansembe kapena m'busa safika Lamulungu lililonse. Amene amagwira mpingo ndi munthu wamba, mlimi wa kachewere kapena mayi wogulitsa tomato, amene amavundukula Baibulo m'kapepala ka pulasitiki, naima kutsogolo, nawerenga mokweza kuti ngakhale agogo osadziwa chilembo amve. Ambiri amaiona ntchitoyi ngati yongogwirizira podikira abusa. Koma padali nthawi imene boma la Aroma, ndi mphamvu zake zonse, lidafuna kuthetsa Chikhristu, ndipo ena mwa anthu oyamba kuwagogodera pakhomo adali owerenga Mawu omwewa.

Nkhaniyi idachitika muno mu Africa, cha kumpoto, m'maiko amene lero ndi Tunisia ndi Algeria. Masiku amenewo maikowa adali pansi pa ufumu wa Aroma, ndipo mzinda wawo waukulu udali Carthage.

Kuti munthu aimvetse bwino, ayambe wadziwa kuti buku nthawi imeneyo silidali chinthu chongogula pasitolo. Makina osindikizira kudalibe. Buku lililonse linkakoperedwa pamanja, chilembo ndi chilembo, pa chikopa kapena pa mapepala a gumbwa. Baibulo lonse m'chikuto chimodzi lidali losowa kwambiri. Mpingo unkakhala ndi Uthenga Wabwino pawokha, makalata a Paulo pawokha, Masalimo pawokha. Machaputala adabwera m'zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano monga akudziwikira lero adayamba m'chaka cha 1551. Kuwonjezera apo, m'mabuku ambiri mawu ankalembedwa mogundizana, popanda mpata pakati pawo. Choncho wowerenga ankayenera kuyamba wakonzekera kunyumba, apo ayi akadaphunthwa pamaso pa anthu. Akhristu ochuluka Baibulo ankalidziwa ndi makutu basi.

Justin, Mkhristu amene ankaphunzitsa ku Roma cha m'ma 150, adalemba m'mene msonkhano wa Lamulungu unkayendera. Adati anthu a m'mizinda ndi a m'midzi ankasonkhana pamalo amodzi, wina n'kuwerenga zolemba za atumwi kapena za aneneri kufikira pamene nthawi yalola. Akatha, mtsogoleri ankalangiza anthu kuti atsate zimene amvazo. Kenaka ankapemphera, kugawana mkate ndi chikho, n'kusonkha thandizo la ana amasiye, amayi amasiye, odwala, andende ndi alendo. Aliyense amene adakhalako pamsonkhano wa mphakati kapena wa mlaga aona kuti kusiyana kwake n'kochepa.

Ku Africa, mbiri yakale kwambiri yolembedwa ya Akhristu olankhula Chilatini ndi ya mlandu. Pa 17 Julayi m'chaka cha 180, anthu 12 ochokera kumudzi wa Scillium, amuna ndi akazi, adaimikidwa pamaso pa bwanamkubwa Saturninus ku Carthage. Mtsogoleri wawo, Speratus, adali ndi kabokosi. Bwanamkubwa atafunsa zimene zidali m'kati, iye adayankha kuti mudali mabuku ndi makalata a Paulo. Adapatsidwa masiku 30 oti akaganize bwino, iwo adakana, ndipo adadulidwa mitu tsiku lomwelo. N'zochititsa chidwi kuti munthu wopita kukazengedwa mlandu wa imfa adaona kuti katundu woyenera kunyamula ndi ameneyo.

Cyprian, bishopu wa ku Carthage amene adaphedwa m'chaka cha 258, ankailemekeza kwambiri ntchito yowerenga. Anyamata awiri, Aurelius ndi Celerinus, atazunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro koma osagonja, iye adawaika kukhala owerenga, poona kuti pakamwa pamene padavomereza Khristu pamaso pa akuluakulu a boma ndi poyenera kumveketsa Uthenga Wabwino m'tchalitchi.

Zimene zidachitika ku Cirta

Pa 24 Febuluwale m'chaka cha 303, mfumu yaikulu Diocletian idatulutsa lamulo loti matchalitchi agumulidwe, misonkhano ya Akhristu ithe, ndipo mabuku oyera aperekedwe kuti atenthedwe. Boma lidaona kuti mpingo wopanda mabuku uli ngati mudzi wopanda mbewu: chaka chino udya, chaka chamawa ulibe chodzala.

Lamuloli lidafika ku Cirta, mzinda umene lero ukutchedwa Constantine m'dziko la Algeria. Pa 19 Meyi chaka chomwecho, mkulu wa mzinda, Munatius Felix, adapita kunyumba imene Akhristu ankasonkhanamo, ali ndi alembi ake. Alembiwo adalemba chilichonse chimene chidanenedwa ndi kutengedwa, ndipo zolembazo zilipobe mpaka lero.

Bishopu wa pamalopo, Paulus, sadalimbane nawo. Atauzidwa kuti atulutse mabuku, adati mabuku ali ndi owerenga, koma zimene zili m'nyumbamo apereka. Tsono katundu adayamba kutuluka mlembi akuwerengera: zikho ziwiri zagolide, zikho 6 zasiliva, nyale 7 zasiliva, ndi nyale zina 11 zamkuwa pamodzi ndi maunyolo ake. Padatulukanso malaya a amayi 82, mipango ya kumutu 38, malaya a amuna 16, nsapato za amuna mapeyala 13 ndi za amayi mapeyala 47. Akatswiri ambiri a mbiri amati zovalazi zidali zogawira osauka. Ngati zili choncho, mlembi wa boma uja, mosadziwa, adasiya umboni wakuti zimene zinkawerengedwa Lamulungu zinkasanduka malaya pamsana pa mayi wamasiye.

Wina mwa othandiza madikoni, dzina lake Silvanus, adachita changu choposa anzake. Adakatulutsa kabokosi kasiliva ndi nyale yasiliva, nanena kuti wazipeza kuseri kwa mtsuko. Dzina limeneli owerenga alisunge, libweranso.

Atalowa m'chipinda chosungiramo mabuku adapeza makabati ali gwa, opanda kanthu. Munthu wina wotchedwa Catullinus adatulutsa buku limodzi lokha, lalikulu ndithu. Felix adafunsa chifukwa chake buku lidali limodzi, ndipo Catullinus ndi mnzake Marcuclius adati ena ali ndi owerenga. Atafunsidwa kumene owerengawo amakhala, adati sakudziwa. Atauzidwa kuti angotchula mayina, apo mpamene adauma khosi. Adati iwo si apereki, ndipo ngati n'kuphedwa, aphedwe. Adamangidwa pomwepo. Mtima wa munthu ndi wovuta kuumvetsa: anthu omwe adangopereka buku lalikulu adakana kupereka dzina la mnzawo.

Koma alembi a boma ankawadziwa owerengawo, ndipo gulu lija lidayamba kuyenda khomo ndi khomo. Kwa Eugenius adatengako mabuku 4. Kwa Felix wina, mmisiri woyala timiyala tokongoletsa pansi, adatengako 5. Kwa Victorinus 8. Kwa Projectus mabuku akuluakulu 5 ndi ang'onoang'ono awiri. Victor, mphunzitsi wa sukulu, adapereka awiri pamodzi ndi timitolo 4 ta mapepala, ndipo atamupanikiza kuti ali ndi ena, adati akadakhala nawo akadapereka. Euticius adati alibe, ndipo mawu akewo adalembedwa kuti adzamutsutse nawo. Atafika kwa Coddeo adapeza mwini nyumba palibe. Mkazi wake ndiye adatulutsa mabuku 6, kenaka kapolo wa boma adalowa kukasecha nyumba yonse osapezamo china. Tsiku limodzi lokha, m'mzinda umodzi, mabuku oposa 30 okoperedwa pamanja adapita.

Taonani anthu ake: mmisiri, mphunzitsi, mayi wapanyumba amene mwamuna wake wazemba. Sadali anthu oipa. Adali ndi ana, ndipo asilikali adali pakhomo.

Si onse adapereka. Bishopu Felix wa ku Thibiuca adavomera kuti mabuku ali nawo, koma adati n'kwabwino atenthedwe iyeyo kusiyana ndi Malembo. Adaphedwa mu Julayi 303. Ku Abitina, bishopu wa mzindawo adapereka mabuku, koma Akhristu ake sadaleke kusonkhana. Anthu 49 adagwidwa ali pa mapemphero m'nyumba ya munthu, pamodzi ndi wansembe wawo Saturninus ndi ana ake, ndipo mlandu wawo udazengedwa ku Carthage mu Febuluwale 304. Pakati pawo padali wowerenga, Emeritus. Atafunsidwa chifukwa chimene adalolera anthu kusonkhana kwake, adati ndi abale ake, ndipo sangathe kukhala opanda mwambo wa tsiku la Ambuye. Atafunsidwa ngati ali ndi mabuku m'nyumba, adati ali nawo, koma mumtima. Yankho limeneli ena angaliyese lozembera. Koma munthu amene wawerengera anthu mokweza zaka zambiri, Masalimo ndi Uthenga Wabwino zimamukhala m'mutu monga nyimbo ya pamtondo imakhalira mwa mayi wosinja. Katundu wotero msilikali sangamulande.

Mavuto atatha, kudabwera ena

Kuzunzidwako kudazirala ku Africa patangopita zaka ziwiri, ndipo m'chaka cha 313 mfumu Constantine ndi mnzake Licinius adagwirizana zopereka ufulu wa chipembedzo. Anthu adabwerera m'matchalitchi. Koma pamphasa imodzi padakhala mayi amene mwamuna wake adafera m'ndende, ndi bambo amene adatulutsa mabuku ndi manja ake. Ndani adzayambe kupatsa mnzake moni? Nanga bishopu amene adapereka Malembo angabatizenso mwana wa munthu?

Bishopu wa ku Carthage, Mensurius, ankati iye adapusitsa boma: adabisa mabuku enieni, n'kusiya mabuku a ziphunzitso zonama kuti asilikali atenge. Ena adati ndi nzeru, ena adati ndi mantha ovala jekete. Iye atamwalira, cha m'ma 311, dikoni wake Caecilian adasankhidwa kulowa m'malo. Mabishopu a ku Numidia adamukana, ponena kuti mmodzi mwa amene adamusanjika manja adali mpereki wa mabuku. Adasankha wawo, Majorinus, ndipo uyu atamwalira adalowa Donatus, amene gulu lonselo lidatchedwa ndi dzina lake. Kuyambira pamenepo mizinda ndi midzi yambiri idakhala ndi mabishopu awiri, matchalitchi awiri, ndipo munthu akachoka uku kupita kwa Donatus ankabatizidwanso.

Apa mpamene Silvanus uja akubwerera. Iye adali atakhala bishopu wa ku Cirta, ndipo adali mmodzi mwa okana Caecilian pa mlandu wa upereki. M'chaka cha 320 adakangana ndi dikoni wake Nundinarius, dikoniyo n'kukamuneneza kwa bwanamkubwa Zenophilus. Zolemba za pa 19 Meyi 303 zidatulutsidwa n'kuwerengedwa poyera, kabokosi kasiliva ndi nyale ya kuseri kwa mtsuko zonse zili momwemo. Ndi chifukwa cha mkangano umenewu kuti zolembazo zidasungika. Akuluakulu adati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Woloza mnzake chala pa nkhani ya upereki ankayenera kudziwa kuti boma la Aroma silitaya mapepala.

Komabe kungowaseka a Donatus kungakhale kulakwa. Ambiri mwa iwo adali anthu a m'midzi amene adaika maliro enieni, ndipo funso lawo lidali lomveka: ngati wogonja ndi wopirira ali chimodzimodzi, nanga aja adaferanji? Cholakwa chawo chidali kuyesa kuti mpingo ungayeretsedwe ndi chipeta, tsiku limodzi, popanda kutaya ndi maso a chimanga omwe. Mgawanowo udatha zaka zoposa 100. M'chaka cha 411 mabishopu oposa 500 a mbali ziwirizi adakumana ku Carthage, akali kukangana za mabuku amene adatenthedwa iwo asadabadwe.

Anthu a m'malire muno sakufunika kuwafotokozera kulemera kwa funso lotere. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu adabwerera kudzapeza amene adatsala, ndipo m'nyumba yopemphereramo imodzi mudalowa wonyamula katundu wa asilikali mokakamizidwa, wolozera njira, ndi woferedwa. Midzi yambiri idasankha kusafukula chilichonse, ndipo mwa njira imeneyo idapewa zimene zidagwera Carthage.

Mawu akamva mmodzi, amafika kwa wina

Mkanganowo usaphimbe chinthu china chimene chinkachitika mwakachetechete m'zaka zomwezo: anthu ankasinthika pomva Mawu akuwerengedwa. Ku Egypt, mnyamata wa zaka pafupifupi 20, Antony, adalowa m'tchalitchi makolo ake atangomwalira kumene, n'kumva nkhani ya mnyamata wachuma ya pa Mateyu 19. Adaitenga ngati yonena iye. Minda imene adasiyiridwa adaipereka kwa anthu a m'mudzi, katundu wina adagulitsa n'kugawira osauka. Athanasius, bishopu wa ku Alexandria amene adalemba mbiri yake, adati Antony ankamvetsera kwambiri powerengedwa Malembo mwakuti mutu wake udamukhalira m'malo mwa mabuku. Agogo osadziwa chilembo aja ali ndi mnzawo pamenepa. Athanasius yemweyo ndiye adalemba, m'kalata ya Pasaka ya m'chaka cha 367, mndandanda wa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano monga alili lero.

Nkhani ya Antony idayenda mpaka idakafika ku Milan, kwa mphunzitsi wina wa ku Africa, Augustine, wobadwira ku Thagaste m'chaka cha 354. Munthuyu adali wophunzira kwambiri, ndipo ali mnyamata adatsegulapo Baibulo n'kulitsekanso, ati Chilatini chake n'chosakoma. Mayi ake Monica adamulirira zaka zambiri. M'chaka cha 386 mlendo wina wa kwawo, Ponticianus, adamusimbira za Antony, ndipo zidamupweteka kuti anthu osaphunzira akumupitirira. Ali m'munda, akulira, adamva mwana wa nyumba yoyandikana akuimba mobwerezabwereza mawu omuuza kuti atenge awerenge. Adakumbukira za Antony, natsegula makalata a Paulo, maso ake n'kugwera kumapeto kwa Aroma 13, pamene pakuletsa kuledzera, dama ndi ndewu. Sadapitirire.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti sadali yekha. Bwenzi lake Alypius adali pomwepo. Adapempha kuona pamene mnzake wawerenga, napitiriza mzere wotsatira, wonena za kulandira munthu wofooka m'chikhulupiriro, nati umenewo ndi wake. Tsamba limodzi, anthu awiri, aliyense adapezapo gawo lake. Onse adabatizidwa ndi Ambrose pa Pasaka wa 387, ndipo onse adadzakhala mabishopu kwawo ku Africa.

Augustine atakhala bishopu wa ku Hippo adaupeza mgawano uja uli wamphamvu. Iye ankaphunzitsa kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, kotero kuipa kwa manja a wansembe sikungaononge ubatizo wa mwana wosalakwa. Ankabwerera kawirikawiri ku fanizo la tirigu ndi namsongole la pa Mateyu 13, kuti kusankhula ndi kwa mwini munda pa nthawi yokolola. Mpaka pamenepo adalondola. Koma pambuyo pake adavomereza kuti boma liwakakamize a Donatus ndi zindapusa komanso kuwalanda matchalitchi, ndipo adapezera chifukwa m'Baibulo lomwelo, pa fanizo la phwando la pa Luka 14. Ichi ndi chipsera pa mbiri yake. Mpingo umene udalandidwa mabuku ndi boma m'chaka cha 303 udafika pogwiritsa ntchito boma kulanda anzake nyumba zopemphereramo. Kudziwa Malembo kwambiri sikumulanditsa munthu ku chiyeso chowapinda kuti amuvomereze.

Chodabwitsa n'chakuti polemba buku lake lophunzitsa m'mene Baibulo liyenera kuwerengedwera, Augustine adabwereka malamulo 7 a kamasuliridwe kwa Tyconius, munthu wamba wa gulu la Donatus lomwelo, ndipo adamutchula dzina, nalangiza ophunzira kuti amuwerenge mosamala. Moto adakapala kwa mnansi amene sankapatsana naye moni.

Kukhala ndi buku wopanda m'busa kudachitikanso kuno. M'chaka cha 1922 boma la Apwitikizi lidatseka mishoni ya mpingo wa Reformada ya ku Mphatso ndi zinzake m'dera la Angónia. Chaka chomwecho Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake adamasulira ku Nyasaland, lidasindikizidwa lonse. Kwa zaka zambiri Akhristu otsalawo adagwidwa ndi akulu a mpingo ndi owerenga a m'midzi, ndipo pofuna ubatizo kapena mgonero ankaoloka malire. Akatolika nawo, sukulu ndi zipatala za mishoni zitatengedwa ndi boma m'chaka cha 1975, adakumana ku Beira m'chaka cha 1977 nagwirizana kuti mpingo ukhazikike pa timagulu ting'onoting'ono totsogoleredwa ndi anthu wamba. Nkhondo itabwera n'kutseka misewu, timaguluti ndito tidapitiriza mapemphero m'madera amene wansembe sankatha kufikako.

Augustine adamwalira pa 28 Ogasiti 430, mzinda wa Hippo utazingidwa ndi ankhondo a mtundu wa Vandal, m'kati mwake mutadzaza othawa nkhondo ochokera m'midzi. Possidius, bishopu mnzake amene adali naye pa matendawo, adalemba kuti masiku omaliza adapempha kuti amukoperere Masalimo a kulapa pamapepala, awapachike pakhoma moyang'anana ndi bedi lake. Ankawawerenga ali chigonere, akulira, ndipo kwa masiku pafupifupi 10 adapempha kuti pasalowe munthu kupatula nthawi ya asing'anga ndi ya chakudya. Sadasiye chuma choti abale agawane. Chimene adalamula mobwereza chidali chakuti mabuku a m'tchalitchi asungidwe bwino chifukwa cha obwera m'mbuyo. Mzinda udagwa m'manja mwa adani, koma mabukuwo adapulumuka.